Mpando wopanda voti ndi wanga

Chaka chino ndatsimikiza mtima zotumikira boma langa. Musaganize za ukhansala ayi. Kumeneko kumafunika zitenje, mchere wogawa ndi mawu amphamvu, pomwe ine ngakhale nkhuku zanga sizisuntha ndikamaziingitsa.

Ndapeza khomo lina. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limati kupatula makhansala, aphungu ndi mafumu, m'khonsolo mumakhalanso anthu asanu oimira magulu apadera, ndipo owasankha ndi anzawo ovoteredwa aja. Asanuwa savota. Tamvetsani: umakhala pampando wawofowofo moyang'anana ndi a DC, n'kumagwedeza mutu, koma mlatho ukakokoloka ndi mvula yoyamba palibe wokuloza chala. Ntchito yokhala pamsonkhano popanda voti ndakhala ndikuigwira pakhomo panga chikwatirireni.

Mbiri yanga pachitukuko ndi yaitali. Ndinakhalapo wachiwiri kwa mlembi m'komiti ya mjigo mpaka mjigowo unauma. Ndinapikisananso pa chisankho cha VDC kwa a Gulupu, kumene anthu amaima kumbuyo kwa amene akumufuna. Pocheuka ndinapeza mwana wanga wamng'ono ndi galu wathu. Mayi ake a mwanayo anali pamzere wa mchimwene wawo, akuimbitsa nyimbo.

Chatsala ndi gulu loti ndiliimire. La achinyamata ndinameta mpala kuti imvi zisaoneke, koma mawondo anandiulula podzuka pabenchi. Amalonda akuti geni yanga ya tomato, amene ndinamaliza ndekha m'ndiwo, siiwerengedwa. Azipembedzo akuti sangatume munthu amene chifuwa chimamugwira nthawi ya chopereka yokha. La amayi sindinayerekeze n'komwe.

Poti kupatsa n'kuika, ndinanyamula tambala wanga kupita naye kwa a khansala. Anamulandira ndi manja awiri.

"Achimwene, musadandaule, dzina lanu lili pamwamba penipeni," anatero.

Potuluka ndinaona atambala ena atamangidwa pamtengo wa mango, aliyense mwini wake atauzidwa kuti ali pamwamba penipeni. Apa ndinamvetsa mmene anthu ofuna mipando ngati ine ankavutikira pakati pa 2005 ndi 2014, dziko lino lilibe makhansala: munthu unkasowa kopita ndi nkhuku yako.

Tsono ndalemba kalata yopempha khonsolo kuti ivomereze gulu lapadera latsopano: abambo amene timafika pamsonkhano nthawi ya Fanta itayandikira, n'kufunsa kaye kumene kukusainidwa alawansi tisanadziwe mutu wa nkhani. Tilipo ambiri, ndipo mawu athu sakumveka chifukwa kukamwa kumakhala kuli sikono.

Ndinawawerengera mayi akunyumba kalatayo. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda mbatata.

"Bambo a Chikondi," anatero, "musataye ndalama ya minibasi. Gulu limenelo kukhonsolo lili kale ndi oliimira okwanira."