Ine kaputeni wa sitima ya ufa

Ife a ku Mzuzu timakamba za nyanja molimba mtima, chonsecho madzi omwe ambirife timawadziwa bwino ndi a mvula yolowa m'nyumba ku Chibavi. Nkhata Bay ili pafupi, makilomita osafika 50, koma ine ndikafikako ndimangonyowetsa mapazi, kugula batala, n'kukwera minibasi yobwerera. Komabe mwana wa mlongo wanga atabwera ndi anzake a ku Mzuni kudzasewera nkhondo ya pamadzi patebulo langa, ndinadzisankha ndekha kukhala mkulu wa asilikali. Tebulo ndi langa, magetsi ndimalipira ndine.

Masewerawa akuti ndi akale, Mngelezi wina, Fred Jane, anasindikiza malamulo ake mu 1898. Athuwa anajambula nyanja ya Malawi pachikatoni, mabokosi a machesi n'kukhala sitima. Mtunda amayeza ndi tepi ya telala, ndipo dayisi ndiye amagamula ngati chipolopolo chalasa kapena chagwera m'madzi. Pogawana, anyamata anatenga mabokosi onse ojambulidwa mzinga. Langa analembapo kuti "ufa".

"Asibweni, inu simuwombera," anatero mwanayo. "Muchoke ku Mangochi mukafike ku Karonga osamira, basi. Mukafika, tapambana tonse. Mukamira, asilikali athu agona ndi njala, tagonja."

Ndinafunsa ngati sangandipatseko ngakhale legeni. Anakana. Akuti sitima ya katundu imayenda theka la liwiro la zinzake, komanso imaima padoko kutola nkhuni, poti sitima zakale zinkayendera nthunzi.

Kuti ndibweze ulemu, ndinawaphunzitsa mbiri. Mu Ogasiti 1914, Kaputeni Rhoades anapita ndi sitima ya boma yotchedwa Guendolen ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni wake, Berndt, yemwe ankamwera limodzi ndi Rhoades, sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Akuti anapalasa kabwato kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera, ndipo anamugwira pomwepo. Ku London nkhaniyi anaiwerenga ngati chipambano choyamba cha pamadzi m'nkhondo yonseyo.

Ndinkayembekeza kuomberedwa m'manja. Mwanayo anangoti, "Nanga atamaliza kuombera kumeneko, asibweni, sitima zinkatani zaka zinayi zotsatira?"

Apa ndiye panali pogona nkhani. Zinkanyamula katundu. Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Angilikani yomwe inkayendera masukulu ndi matchalitchi a m'mbali mwa nyanja, inatengedwa kukanyamula asilikali. Za kampani ya Mandala nazo zinasiya malonda n'kumasenza chakudya ndi zipolopolo kupita kumpoto. Katunduyo akatsika padoko ankakwera pamitu ya amtengatenga, azigogo athu, omwe ambiri sanabwerere ku nkhondoyo, yomwe ankaitcha ya Chiwaya. Mzinga wa Guendolen uli ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi, alendo amajambulitsa nawo. Thumba la ufa sindinalionepo pachipilala chilichonse.

Nditamva kuti nkhondo yonse ili paphewa panga, ndinanyamuka monyadira. Anyamata awiri anapatsidwa ntchito yondiperekeza. Tisanafike n'komwe ku Nkhotakota anaona mdani cha ku Likoma, onse awiri n'kuthamangira komweko kukafuna mbiri, ine n'kutsala ndekha ndi ufa wanga. Ndinayesa kukwawa m'mbali mwa gombe mwakachetechete, kenaka ndinaphimba bokosi langa ndi sosala ya tiyi n'kunena kuti ndi nkhungu. Anati nkhungu yotere mulibe m'malamulo. Ndinamira cha ku Usisya ndikutola nkhuni. Operekeza anga anabwerera akuvina kuti amiza sitima ziwiri, n'kuuzidwa kuti tagonja. Mlandu wonse unagwera ine: bwanji sindinathamange?

Angelezi enieni anafika mpaka 1917 asanavomere kuti sitima za malonda ziziyenda pagulu, zankhondo zili pambali pake. Ngati akuluakulu a nyenyezi pamapewa anachedwa chotero, ana a ku Mzuni ndingawadandaule?

Mayi a kunyumba, omwe ankaonerera akusenda mbatata, anati udindowo unandiyenera. Akuti mwezi ukatha ndimanyamuka ku Luwinga ndi malipiro athunthu, wopanda wondiperekeza, ndipo pofika ku Mchengautuwa ndimakhala nditaomberedwa ndi alandilodi, wakatapila ndi wokazinga kanyenya. Nyumba yonse imadikira padoko, sitima n'kufika ndi kabichi mmodzi.

Ndinapempha kuti Loweruka likubwerali andipatseko mzinga. Anyamata akhala pansi ndipo agwirizana zondikweza udindo: ndikhala doko la Karonga. Akuti doko silimira, siliyenda, ndipo ntchito yake ndi kugulira oyendetsa sitima mandasi.