Mzere 4,471 unalibe mlandu

Compiler inati pa mzere 4,471 pakusowa semicolon. Nditafika pamzerepo ndinangopeza ndemanga, mawu amene compiler siwawerenga n'komwe. Fayiloyo inali ya C, ya mizere yoposa 80,000, ndipo yambiri inalembedwa ndi pulogalamu ina yosandutsa matebulo a mitengo ya katundu kukhala code.

Ndinafufuta ndemangayo. Uthenga unasuntha, n'kuloza mzere 4,470. Mumtima ndinati ndachipeza, chikuthawira kumtunda. Ndinayamba kuchilondola. Ndikachotsa mzere umodzi, nacho chinkakwera mzere umodzi. Ndinasuntha mabulaketi, ndinalembanso function yonse imene inkagwira bwino ntchito kuyambira kalekale. Pofika usiku mauthenga anali atadzaza sikirini, ndipo ambiri tsopano ankanena zoona, poti gawo lomwe linali labwino ndinali nditaliphwasula ndekha. Zinandiwawa, chifukwa kunali anthu odikira pulogalamuyo kuti ayambe kulemba malisiti.

M'mawa ndinabwezeretsa fayilo yakale kuchokera mu Git, n'kuyamba kuchotsa matebulo akumapeto pang'onopang'ono. Nditachotsa limodzi la kutali kwambiri, uthenga uja unazimiririka. Semicolon inkasowadi, koma pa mzere 70,007.

Chotsani 4,471 pa 70,007, mutsala ndi 65,536. Aliyense wodziwa zamkati mwa kompyuta nambala imeneyi amaizindikira msanga. Compiler ija inkasunga nambala ya mzere m'malo a mabiti 16, ndipo mmenemo simulowa nambala yoposa 65,535. Ikadutsa pamenepo imayambiranso pa 0, ngati mita ya makilomita m'galimoto lakale. Cholakwikacho inachiona bwinobwino, koma inandilozera malo ena. N'chifukwa chake mzere uliwonse womwe ndinkachotsa kumtunda unkasuntha uthengawo, ine n'kumaganiza kuti ndayandikira.

Malire otere ndi akale. Malamulo a C a mu 1990 ankalola #line kufika pa 32,767 pokha, ndipo a mu 1999 anakweza mpaka 2,147,483,647. A SQLite, omwe fayilo yawo sqlite3.c imaposa mizere 200,000, amalolanso kuti igawidwe m'zidutswa chifukwa ma debugger ena amasokonezeka akadutsa mizere 32,768.

Yanga ndinaigawa patatu. Kenako ndinapanga kafayilo koyesera, mizere 65,540 yopanda kanthu ndi cholakwika chimodzi pansi pake, n'kukatumiza kwa eni compiler. Pakafayiloko, compiler inaloza mzere 5.