Mnzako Akamera Ndevu, M'zimire?

Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambiwu timaunena pamaliro ndi pangongole, koma pali kanthu kamene timakalumpha. Pamene ankaupeka, ndevu zinali chuma choyenera kupulumutsidwa, ndipo mdani anali moto. Masiku ano anzathu sadikiranso moto. Akangoona ndevu zaphuka, afika kale ndi lezala kudzazima.

Ine zinandionekera m'nyengo yozizira, nditaleka kumeta masabata atatu. Chifukwa chake chinali chaching'ono: lezala amanditulutsa tiziphuphu pakhosi, toyabwa ngati chitedze. Sabata yoyamba anzanga akuntchito anangondiyang'ana cham'mbali. Yachiwiri, mayi wina wa kutchalitchi anandikokera kuseri. "Bambo, kunyumba kuli bwino? Amayi alipo koma?" Yachitatu mlamu wanga ananditumizira K2,000 pafoni, ndi kauthenga kakuti, "Alamu, musamavutike muli chete." Ndalamayo ndinadyera kanyenya, ndevu zili gwa.

Onani mmene zinthu zatembenukira. Kumudzi, kumeta ndiko kumasonyeza maliro, pajatu anamfedwa amameta akaika m'bale wawo. M'tauni muno wosameta ndiye amafunsidwa kuti kwagwanji.

Maboma nawo amakonda ntchito yozimirayi. Nthawi ya Kamuzu, mwamuna wa tsitsi lofika pakolala anali wolakwira lamulo, ndipo alendo ena ankalawa lumo pabwalo la ndege asanalowe m'dziko. Ndale zitasintha, lumolo linatsalira kusukulu, mpaka mu Meyi 2023 pamene khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti ana a Chirasita aziphunzira m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Ku Russia, mfumu Peter the Great inachita kuika msonkho wa ndevu mu 1698. Ukalipira ankakupatsa kachitsulo konga ndalama, umboni woti ndevu zako ndi zovomerezeka. Nkhani imeneyi tiinene motsitsa mawu, okhometsa misonkho athu angamve.

Komabe ife amuna tikulirira utsi chabe. Amene akuzimiridwa usana ndi usiku ndi amayi.

Madiresi opanda manja atayamba kutchuka ku America, kampani ya Gillette inatulutsa lezala wa amayi mu 1915, dzina lake Milady Décolleté, ndipo otsatsa malonda anayamba kuuza amayi kuti tsitsi la m'khwapa ndi lochititsa manyazi. Ameneyu ndiye mnzako wochenjera: akukuwa kuti "Moto! Moto!" uku chidebe cha madzi ali nacho kale m'manja, chogulitsa. Ndipo motowo umayakanso pakangotha masiku atatu. Mu 1999 katswiri wa mafilimu Julia Roberts anakweza mkono kupereka moni kwa anthu ku London, pa tsiku loonetsa koyamba filimu ya Notting Hill. M'khwapa munali mosameta, ndipo nyuzipepala zinaiwala filimu n'kuyamba kuwerenga cheya.

Azakhali anga ali ndi ndevu zisanu pachibwano. Zisanu ndithu, tinkaziwerenga tili ana akamagona masana. Madokotala amati zotere zimachitika chifukwa cha mahomoni, makamaka mayi akasiya kusamba, ndipo kwina zimangoyenda m'magazi a banja. Koma pamudzi aliyense ndi dokotala. Ena amati mkazi wandevu ndi wankhanza, ena amati ndi wamwayi pa chuma, ena amatsitsa mawu n'kutchula za usiku. Mwini wake amangogulitsa tomato wake pamsika, ndevu zikupepeluka ndi mphepo.

Pa ukwati wa mdzukulu wawo chaka chatha, mtsikana wina wa pabanja pathu, wophunzira bwino ndithu, anawatsatira kuchipinda atanyamula kopanira.

"Azakhali, ndingokuzulani tiwiri tokha. Lero kuli zithunzi."

"Iwe, zapsa?"

"Ayi, sizinapse."

"Nanga ukuzima chiyani? Izi ndinayamba kuweta amako asanakwatiwe. Pita ukazule udzu kudimba kwanga ngati manja akukuyabwa."

Anatuluka ndi zisanu zonse, n'kukavina perekaniperekani mpaka chitenje kumasuka. Patapita sabata wojambula anabweretsa zithunzi. Mnyamata waulemu, nayenso woleredwa ndi mwambi uja: anali atawazimira pa kompyuta, chibwano chili see ngati cha khanda, makwinya nawo atapita.

Azakhali anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anachitembenuza, n'kuchibweza kwa mwini wake.

"Chakongola, bambo. Koma uyu ndi mng'ono wanga wa ku Mchinji. Ndalama yake mukatenge komweko."