Amalume, Galimoto Ndagula Koma Siimveka

Turffontein,
Johannesburg.

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi azakhali ndi mbumba yonse kumeneko ku Ntcheu. Ife kuno tilipo, mayi a ana ndi adzukulu anu onse ali gwa. Mvula yayamba, ndi matalala ake aja a kuno oswa mawindo. Mnyamata amene akukuwerengerani kalatayi awerenge modekha, asalumphe mizere. Ndimamudziwa ameneyo, maso ake amathamangira pamene palembedwa ndalama.

Mphekesera mwamvazo n'zoona, ndagula galimoto. Ndati ndilembe ndekha msanga chifukwa nkhani ikakwera basi pa Park Station ili njinga, pofika pa Dedza imatsika ili lole. Ndamva kale kuti kudambwe ndi kuchigayo akuti ndagula Fortuner yakuda. Amalume, khalani pansi kaye. Ndagula Toyota Yaris ya 2013, ya mtundu umene amati hybrid. Ndi kagalimoto kodulidwa kumbuyo, koti kakhoza kukwera pa Bedford munkayendetsa ija n'kutsalabe malo a matumba a kachewere. Mtengo wake sindilemba, poti alamu ali chapafupi pomwepo akumvetsera.

Sindinagulire matama ayi. Mukudziwa kuti ndimasoka makatani ku Fordsburg, ndipo bwana anati amene ali ndi galimoto ndiye azikapachika makataniwo m'nyumba za ku Sandton, Fourways ndi Midrand, komwe kuli kangachepe kowonjezera. Kale ndinkakwera takisi ndi zitsulo za makatani zotalika mamita atatu. Chitsulo chikalowa pakhomo, chimayamba chagunda chipewa cha mayi wakutsogolo, kenako khutu la bambo wakumbuyo, ndipo ulendo wonse umangomva Chizulu chimene sanandiphunzitse kutchalitchi.

Mtima wanga unali pa Aqua, ija yadzaza mu Lilongwe. Koma lamulo la kuno sililola kulembetsa galimoto zakale zochokera ku Japan kuti zikhale za m'dziko muno. Zimatsika pa doko la Durban, n'kukwezedwa pa malole onyamula galimoto, ife n'kumangoziona zikudutsa ulendo wa ku Beitbridge, kunka kwanuko. Ndiye kuti mphunzitsi wa pa Tsangano akhoza kuitanitsa Aqua pa foni, koma ine wokhala m'dziko lomwe imatsikiramo ndingoikweza dzanja. Amakaniko ena a kwathu, a ku Mangochi, ndiwo anandiuza kuti ndisadandaule. Yaris imeneyi ndi Aqua n'za m'mimba imodzi, injini ndi batire n'zofanana, kungoti inayo inabadwira ku Japan mu 2011, yangayi amaipangira ku France ndipo inayamba kugulitsidwa mu 2012.

Tsiku logula tinapita ku Jules Street, msewu umene galimoto zogulitsa zachuluka kuposa anthu. Ndinatenga amakaniko aja ndi mkulu wina wa mpingo kuti akhale mboni. Wogulitsa anadina batani. Zii. Anadinanso china. Zii. Pa dashibodi panangoyaka mawu obiriwira akuti READY. Akulu ampingo anatola chipewa chawo n'kunena kuti, "Tiyeni tizipita abale, yakufa iyi, asatiyese ana." Asanamalize, galimoto inayamba kuyenda, iwo phazi limodzi lili kunja. Mawu amene anatuluka pakamwa pawo sindilemba, poti Lamulungu lotsatira ndi iwo amene ankalalikira.

Amakanikowo sanatsegule n'komwe kutsogolo poyamba. Analumikiza kamakina pansi pa chiwongolero n'kumawerenga pa foni mmene batire lalikulu likupumira, gawo ndi gawo. Akuti pogula galimoto yotere, penti ndi matayala n'zachabe, chuma chili m'batire, ndipo wogulitsa akakana kuti muyeze, mutsanzike. Lathu linapezeka lamoyo. Zamapepala zinatenga nthawi yake: mlendo ngati ine amayenera kupeza kaye nambala imene amati traffic register, kenako galimoto ikayezedwe ngati ili yoyenera pamsewu, ndiye apatsidwe kapepala kozungulira komata pagalasi.

Tsopano ndikufotokozereni mmene imayendera, poti ndikudziwa mwayamba kale kupukusa mutu. Mkatimu muli zokoka ziwiri. Pali injini ya petulo ya malita 1.5, ndiye pali mota ya magetsi imene imadya ku batire lalikulu lobisidwa pansi pa mpando wakumbuyo. Ponyamuka ndi poyenda pang'onopang'ono imakoka ndi mota, injini ili mtulo. Mukaponda ndithu, injini imadzuka yokha popanda woiuza. Mukaponda mabuleki kapena mukamatsetsereka, mota ija imatembenuka n'kukhala jenereta, n'kumabweza magetsi m'batire. Kumbukirani mmene mabuleki a Bedford ankanunkhira potsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, mnyamata wokuthandizani atagwira mwala m'manja. Mphamvu yonse ija inkathera m'fungo. Iyi imaitola n'kuisunga, ikagwiritse ntchito kutsogolo. Si nzeru ya dzulo, a Toyota anayamba nazo mu 1997 ndi galimoto yotchedwa Prius.

Mundiuza kuti chetechete sautsa nyama, ndipo galimoto ya mwamuna iyenera kumveka isanaoneke. Sinditsutsa. Koma imvani izi. Thanki yake imalowa malita 36 okha, ndipo m'tauni lita imodzi imandiyendetsa makilomita opitirira 20. Kuno mtengo wa mafuta umasintha Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse. Ukamakwera, Lachiwiri usiku anzanga a mabaki amakhala pamzere kumwetsa, ine ndili kunyumba ndikudya nsima. Anyamata othira mafuta pafupi ndi kwathu anandifunsa ngati ndinasamuka.

Chodabwitsa n'chakuti galimotoyi imakonda zimene anthu onse amadana nazo. Pa M1 m'mawa, pamene msewu wadzaza ndipo tikuyenda mokwawa, eni magalimoto akuluakulu amakhala akutukwana, mafuta akupsa ataima. Yanga injini imakhala itazima, ine ndikuyeserera nyimbo za kwaya. Koma ikapeza msewu wopanda kanthu, pa N1 kulowera ku Pretoria, n'kuthamanga 120, injini siipumanso ndipo kuumira kwake kumachepa. Pokwera mtunda imabuula kwambiri liwiro lisanabwere, poti ilibe magiya osintha ndi dzanja. Mukanakhalamo mukanafunafuna kilatchi mpaka kuboola pansi.

Mavuto ake ndi a anthu, osati a chitsulo. Ndikaima pa maloboti injini imazima. Tsiku lina anyamata ogulitsa machaja ndi mapepala a zinyalala anaona kuti yathima, anaitanizana, n'kuyamba kukankha ndisanawapemphe. Loboti itasintha ndinanyamuka bwinobwino, iwo n'kumathamangira pawindo kufuna malipiro a ntchito yawo. Ndinawapatsa ma randi awiri, chifukwa kufotokoza za jenereta takisi ikuimba hutala kumbuyo n'kovuta.

Wina ndi landilodi wanga. Atamva kuti galimoto ndi ya magetsi, anayamba kuwerenga mita m'mawa ndi madzulo. Usiku wina ndinamupeza ndi tochi, atagwada, akufufuza chingwe kuchokera pawindo langa kupita pagalimoto. Ndinati, "Bwana, iyi siilumikizidwa kukhoma, imadzipangira yokha magetsi." Anati palibe chinthu chimadzipangira chokha magetsi, apo ayi dziko lino silikanakhala ndi load shedding. Anakweza lendi ndi pang'ono, akuti n'zodzitetezera. Patapita masiku magetsi anazima, iye yemweyo anabwera ndi ketulo kudzapempha kuti ndimuwiritsire madzi m'galimoto.

Kunyumba nako kwasintha. Poyamba ndinkaganiza kuti galimoto yosamveka ithandiza masiku amene tachedwa ku bawo. Imalowadi pageti mwakachetechete. Koma ukangoika giya yobwerera kumbuyo, imayamba kulira mkatimo kuti pii, pii, pii, ndipo mayi a ana makutu awo analoweza kale kaphokoso kameneko. Ndikamatsika ndimapeza katani yasuntha, ndipo ndi katani yoti ndinasoka ndekha.

Pali nkhani ya Lamulungu. Chigulireni galimoto, ndapeza abale ambiri mumpingo amene sindinkadziwa kuti timachokera boma limodzi. Sabata ina ndinanyamula amayi atatu a chigwirizano, mphika wa mpunga ndi thumba la kabichi. Tili m'njira, pansi pa mpando panayamba kufuula chinthu. Amayi wina anayamba kudzudzula ziwanda. Chinali chitenje chawo ndi thumba lija, zitatseka kabowo kamene fani imakokera mpweya woziziritsa batire. Batire limeneli limadana ndi kutentha, ndipo kabowoko kakadzaza fumbi, tsitsi kapena nthenga, moyo wake umafupika. Kugula lina ndi ndalama yoti munthu akhoza kufolera nyumba ndi malata. Choncho ndikunena lero kuti pasadzakhale kukhumudwa: nkhuku m'galimoto muno sizidzakwera, ngakhale ya alendo, ngakhale yomangidwa miyendo.

Akuba nawo ali ndi chidwi, koma osati ndi galimoto yonse. Pa paipi ya utsi pali kachitini kosefa utsi, mkati mwake muli tizitsulo todula, platinum ndi anzake, yomweyo amakumba ku Rustenburg. Akuti ka galimoto za hybrid kamakhala kosaperepeseka chifukwa injini imagwira ntchito mwa apo ndi apo, ndiye amakakonda. Amalowa pansi ndi sowo, mphindi zochepa basi, m'mawa mwini wake n'kudzidzimuka galimoto ikubangula. Ndawotcheretsa chitsulo chotchinga pansipo. Mwina inu mukanakondwa atakaba, poti ikanayamba kulira mmene mumafunira.

Tsopano za Disembala. Tikubwera pa msewu, Mulungu akalola: Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowera pa Dedza. Pa malire aliwonse pali cholipira. Ku Zimbabwe kuli ngakhale msonkho wa utsi, umene amati carbon tax, ndipo ndikalipira ndithu ngakhale galimoto yanga theka la tsiku siitulutsa utsi. Ndikafotokoza kumeneko, koma sindikuyembekezera kuti akandimvera.

M'galimotomo mukwana ine, mayi a ana, ana awiri ndi zikwama ziwiri, china pamiyendo. Uzani achemwali kuti filiji ija ibwera ndi matransipota, mu Januwale. Alamu anatumiza uthenga kuti ndimange sofa pamwamba ndi kukoka ngolo kumbuyo monga amachitira ena. Awuzeni kuti amene amachita zimenezo ali ndi Hilux. Yangayi ndikaisenzetsa sofa, mphepo ya pa mlatho wa Zambezi ku Tete idzatipereka kwa ng'ona tonse ndi sofa yemweyo.

Ndili ndi zopempha. Anyamata akwirire chigwembe chija cha pafupi ndi chulu, ndipo achotse miyala ya pakati pa njira kuyambira pamsewu wa tala, chifukwa kagalimotoka mimba yake ili pafupi ndi dothi. Mtsinje ukadzaza sindidzaoloka, madzi ndi batire sizimwerana. Ndidzaisiya kwa ahedi n'kufika pa kabaza, ndipo manyazi ake adzakhala a banja lonse, osati anga ndekha. Ana ndi mbuzi muwachenjeze, poti siimveka ikamabwera. Kuno ndayenda kumbuyo kwa agogo ena mtunda ndithu, iwo ali pakati pa msewu osadziwa kuti akutsogolera galimoto.

Chachikulu ndi ichi. Munandiuza kuti agogo pobwera ku Wenela ndi njinga ya Humber anayamba kuliza belu ali kutsidya kwa dambo, ndipo pofika pabwalo amayi anali atayala kale zitenje. Ine belu ndilibe, injini siithandiza, ndipo hutala wake ndi woonda mawu. Ndingathe kufika, kuimika, kutsika, azakhali akadapetabe chimanga osatembenuka. Ndiye muike mwana pachulu kuyambira masana. Akaona kanthu koyera kakubwera mwaulemu, asaganize kuti ndi alangizi a zaumoyo, athamange akauze amayi ayambe nthungululu. Phokoso likhale lochokera kwa inu.

Msuweni wanga wokonza njinga zamoto uja mumuuziretu kuti asadzayerekeze kutsegula ndi sipanala yake. Mawaya a mtundu wa lalanje ali ndi magetsi a mavolti 144, si a wailesi ayi. Galimotoyi siilira pokankha, ndiye nzeru yanu yoimika pamtsetse siigwira. Siikokedwanso ndi chingwe matayala akutsogolo ali pansi. Ndipo amene akuganiza zodzapopa petulo m'thanki ndi paipi poti kumeneko mafuta akusowa, adziwe kuti ikangouma mafuta batire lokha silipita nayo patali, tidzagona nayo pomwepo mpaka Pasaka.

Ndatumiza kangachepe pa Mukuru ka feteleza wobereketsa. Mukatenge nokha, ndipo pobwerera musadzere pa sitolo ya alamu.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni uja.

Ndinaiwala: mafoni otchaja ndidzalandira awiri patsiku, anu ndi a mfumu. A video show asadzabwere ndi waya wawo.