Ife Akatswiri a Kutsokomola

Ndili m'gulu la makolo amene tinaomba m'manja mu 2022 pamene Unduna wa Maphunziro ku Maputo unalamula kuti masamba ena a buku la sayansi la kalasi 7 asaphunzitsidwenso. Masambawo ankakamba za kudziseweretsa maliseche ndiponso za amuna kapena akazi okondana okhaokha. Bukulo sindinaliwerenge, n'chifukwa chake ndimalitsutsa ndi mtima wonse popanda chondisokoneza. Mfundo yathu ndi yomveka: nkhani zimenezi ndi za makolo, osati aphunzitsi. Tsoka lake, makolowo ndife, ndipo maphunziro amene ine ndimapereka pankhaniyi ndi awiri basi: kutsokomola, ndi kutuma mwana kukaona ngati mbuzi zalowa m'khola. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kwathu wofunsa amadya "kafunse amayi ako", amayiwo n'kumulozera kwa azakhali, omwe amakhala ku Angónia.

Anzanga amati tili ndi chinamwali. N'zoona, anamkungwi ntchito yawo amaidziwa, koma chilangizo cha masiku owerengeka sichingalimbane ndi msewu wa N7, umene umaphunzitsa usana ndi usiku osatsekera. Pa Zóbuè mathiraki amandandalika kudikira kuolokera ku Mwanza, ndipo mtsikana wokweza lichero la nthochi pawindo la dalaivala amamva zoposa zimene zinali m'masamba aja. Ku Moatize, chiyambireni kutuluka malasha a kampani ya Vale mu 2011 mpaka lero pamene mgodi uli m'manja mwa kampani ya Vulcan, kumabwera amuna a m'thumba motupa amene mabanja awo ali kutali. Onjezanipo foni, imene ine ndimachita kupempha mwana yemweyo kuti anditsegulire. Mwa aphunzitsi onsewa, amene tinakwanitsa kumutseka pakamwa ndi mmodzi yekha, wa choko m'manja uja.

Ena amati kuwauza ana n'kuwadzutsira chilakolako chogona. Kukhala chete kukanakhala kuti kumateteza, bwenzi m'badwo wanga uli wa oyera mtima okhaokha, ndipo amene amatidziwa angaseke mpaka kugwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti pafupifupi theka la atsikana m'Mozambique amakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mu 2003 boma linalamula kuti mtsikana woyembekezera azisamutsidwira ku makalasi a usiku, ngati kuti mdima ndi mankhwala a mimba. Lamulolo linathetsedwa mu 2018, ndipo mu 2019 panabwera lina loletsa maukwati a ana. Aphungu saletsa chinthu chimene kulibe.

Otsutsa akulondola pa chimodzi: buku silochokera kumwamba. Mu 2022 momwemo, buku la kalasi 6 linanyamula Great Zimbabwe n'kukaiika pafupi ndi Nyanja Yofiira. Koma palibe anati ana asiye kuphunzira mbiri yakale. Tinati bukulo likonzedwe. Apanso tikangane za msinkhu woyambira, za mawu aulemu oyenera kugwiritsa ntchito, ndi za maphunziro a mphunzitsi amene nayenso analeredwa ndi bambo wotsokomola. Choncho, abambo anzanga, kukaitanidwa msonkhano wa makolo kusukulu tisatumize amayi okha. Tipite, tiwerenge tsambalo mpaka pansi, kenako titsutse. Amene sangathe kuphunzitsa mwana wake asiye mphunzitsi agwire ntchito, ndipo chifuwacho apite nacho kuchipatala.