Mpeni Wathu Ukagona Kuti Lero?

Mlamu wanga analandira mipeni isanu ndi umodzi pa kitchen party, yonse yozikidwa m'chipika chonyezimira. Mpaka lero ili pamwamba pa filiji ngati zikho za mpira, koma chibwabwa amadulira kampeni kakale komanga ndi malegeni. Nditafunsa anati, "Alamu, imeneyo ndi ya alendo." Chikhalireni muno mu Libala sindinaonepo mlendo wobwera kudzadula anyezi.

*

Wanga woyamba ndinagula m'tauni kwa mnyamata wa pakamwa potsekemera. Anakweza nyuzipepala m'mwamba, n'kuicheka kamodzi, phwee! "Abwana, uyu ndi orijino." Kunyumba mpeniwo unakumana ndi tambala wakumudzi amene apongozi anabwera naye kuchokera ku Chipata, tambala woti anaona maboma atatu. Nditangokanikiza pamfundo ya ntchafu, chogwirira chinatsala m'manja mwanga, chitsulo chinatsala m'tambala. Kusuzumira m'kati mwa pulasitikimo, kachitsulo kolowamo kanali kafupi ngati chala chamkombaphala. Chiyambire tsiku limenelo ndimayamba ndautembenuza mpeni, ndione ngati chitsulo chadutsa m'chogwirira mpaka kumapeto ndipo chakhomedwa ndi timisomali. Wogulitsa akatulutsa nyuzipepala ndimamuuza kuti kwathu sitidya nkhani.

*

Agogo amayesera tomato wakupsa. Mpeni ukamuphwanya m'malo momudula, amaubweza: "Mwana wanga, wagula supuni." Iwo amakonda wachitsulo chakuda chija, chochita dzimbiri ukachisiya chonyowa, koma chosachedwa kuthwa ukachinola. Wosachita dzimbiri amati ndi wa anthu aulesi kupukuta. Vuto ndi ponolera. M'mawa uliwonse kwee kwee pasitepe ya khonde, moti simenti yakumbika ngati m'mbale. Eni nyumba atabwera kudzatenga lendi anayang'ana pansi nthawi yaitali, n'kufunsa ngati tikuweta nguluwe. Ndinawasonyeza agogo kuti kunsi kwa kapu yadothi nako kumanola. Tsopano tiyi timamwera m'makapu apulasitiki, enawo ali pantchito.

*

Amalume ndi Okapi wawo wa m'thumba. Wasenda nzimbe, wawenga zikhadabo, kenako akuti, "Bweretsani nyama ija ndikuthandizeni." Tonse tinati takhuta.

*

Potsiriza ndinadzimana n'kugula Tramontina mmodzi yekha, wa ku Brazil, wapakatikati, woti kabichi, repu ndi nyama zonse amatha. Mafupa ndinati ndi a chikwanje. Sipanathe masiku atatu, kamwana ka aneba kali pakhomo: "Odi! Akuti mutibwerekeko mpeni." Unatsegula chitini cha nsomba, unamanga sikuluwu ya pulagi, unakaphika kumaliro ku Chilenje, kenako kuukwati ku Kabwata. Ndinauona Loweruka lapitali, nsonga itapindika, pachogwirira atamangapo kaulusi kofiira koti usasokonekere ndi ya anthu ena.

Dzulo ndinatuma mwana wanga kukaubwereka. Anamuuza kuti aubweze msanga, akufuna kudulira ndiwo.