Ulendo wa Chaka Chamawa: Tchuthi Choposa Zonse

Ulendo wa chaka chamawa ndi mtundu wa tchuthi umene unakhwimira m'makomboni a m'mafamu a fodya ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, pakati pa anthu ochokera ku Malawi ndi zidzukulu zawo. Umapezeka kwambiri ku Banket, Raffingora, Mvurwi, Centenary ndi Trelawney. Mwini ulendo amakonza zonse, kuyambira ndalama ya basi mpaka chitenje cha azakhali, koma sanyamuka. Ulemerero wake wagona pa kusanyamukapo.

Mwambowu unayamba m'nthawi ya atsamunda. Anthu a ku Nyasaland ankafika wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene linakhazikitsidwa mu 1946. Ambiri ankangofuna njinga, bulangete ndi makina osokera, kenaka abwerere. Kumudzi anayamba kuwatchula machona, eni ake ali kalikiliki kukonzekera.

Tchuthi cha anthu olemera chimachepa mphamvu pamaso pa ulendowu. Wofuna kukapuma ku Barbados kapena ku Jamaica amalipira ndege zingapo ndi hotelo, amazembanso nyengo ya namondwe, imene kumeneko imayamba mu Juni n'kutha mu Novembala. Akawothera dzuwa masabata awiri, ndalama zatha, tchuthi chathanso. Wa pafamu dzuwa amaliwothera chaka chonse, ulere, khasu lili m'manja. Ngakhale Jamaica anachita kumutsata yekha, pamene Bob Marley anadzaimba pa bwalo la Rufaro mu Epulo 1980. Chilumba nachonso wa pafamuyo ali nacho: Likoma, cha mchenga ndi madzi oyera, kumene sitima ya Ilala imakocheza, ndipo amakafikako madzulo alionse osalipira tikiti.

Mlonda wamkulu wa ulendowu ndi fodya. Mu Juni ndi nthawi ya nazale. Kuyambira Seputembala anthu amawokera, mvula ikagwa amapalira, ndipo Khirisimasi imawapeza akuthyola masamba ndi kusonkhezera moto m'mabalani usiku ndi usana. Kenaka pamabwera kusankha ndi kudinda mabelo a ku okushoni. Okushoni isanatseke, nazale ina yamera kale. Mbewu imeneyi siisiya mwezi wopanda ntchito, choncho imateteza wantchito ku ngozi zonse za pamsewu.

Njira ya ulendowu imadziwika pamtima, ngakhale kwa mwana amene sanapitirirepo Chinhoyi. Munthu amakwera ku Harare, amatuluka pa Nyamapanda, amawoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, amadutsa pa Zobue n'kulowera pa Mwanza. Pa ulendo weniweni, chipata chilichonse chili ndi mzere, chidindo ndi mafunso ake. Pa ulendo wa chaka chamawa zipata zonsezi zimadutsidwa nsima isanapse.

Maboma nawo athandiza kwambiri kuti mwambowu usafe. Nkhondo ya ku Mozambique inaopseza msewu wa ku Tete mpaka mu 1992. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunachotsera ambiri ntchito ndi nyumba zomwe. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana obadwira pafamu ali alendo m'dziko lobadwira, pamene ku Malawi analibe chitupa. Mu 2008 ndalama imene munthu anasunga m'chitini kwa zaka zambiri inalephera kugula buledi. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabweza unzika, zimene zikanaika mwambowu pachiswe, koma mtengo wa pasipoti, umene umaposa malipiro a pamwezi a wantchito wa pafamu, unaupulumutsa.

Phindu la ulendowu n'losawerengeka. Sufuna chiphaso, sutaya katundu, ndipo mwini wake sachita manyazi ofika kumudzi chimanjamanja. Kumudzi kwa munthu amene sananyamuke sikufa munthu: amalume akadali moyo, munda sunalandidwe, mango akubereka chaka chonse. Pa gule wamkulu, pa beni ndi pa maliro, akulu amakumbutsana kuti kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo aliyense amavomereza ali khale pa mpando wake. Ulendowu ndi chuma cha masiye chimene achibale salimbirana. Bambo akaikidwa m'manda a pafamu, mwana amaulandira wathunthu, pamodzi ndi dzina la mfumu ndi la boma la kwawo.

Mdani wa ulendowu ndi mmodzi yekha, ndiye kunyamuka. Amene amalimba mtima n'kukwera basi nthawi zambiri amakapeza mudzi wasuntha, omudziwa anatsikira kuli chete, ndipo ana a kumeneko akuseka Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona. Matendawa sakhalitsa. Pakangotha milungu yochepa, wodwalayo amayamba kuuza anthu kuti chaka chamawa abwerera ku Banket, ndipo ulendo umachira, wangotembenuka kumene ukuloza.